Chilonda chinapola kalekale, koma chindoko chinakwera kumutu

Amalume anga anasoka zovala ku Kapata kwa zaka zoposa 20. Anali telala wosabwereza muyeso: akakuzunguliza tepi kamodzi m'chiuno, buluku linkatuluka ngati alisokera pathupi pako. Tsiku limene anadula malaya a yunifomu manja onse awiri a kumanzere tinangoti atopa, poti Januwale ndi mwezi wosagona kwa atelala. Koma sizinathere pamenepo. Anayamba kugawira anyamata a njinga ndalama za makasitomala, n'kumauza anthu pamsika kuti mabasi onse opita ku Lusaka ndi awo. Munthu wofatsa uja anasanduka waukali. Lilime linayamba kulemera ngati aledzera, pamene mowa anausiya kalekale. Masana ankayenda moponda pansi mwamphamvu, maso ali pa mapazi. Usiku popita kuchimbudzi ankadzandira mpaka kugwira khoma.

Pabanja tinagawikana. Ena anati anzawo a pamsika awalodza chifukwa cha nsanje. Ena ankanong'ona kuti anakhwimira bizinesi ndipo aphonya chizimba. Kwa asing'anga tinafikako, ku mapemphero a usiku tinagonako, ndipo chaka ndi theka chinatha choncho. Amene anatsegula nkhani anali dokotala wina wachinyamata. Anatseka makatani, n'kuwaunika m'maso ndi katochi, kenaka n'kuwauza kuti aime, aphatikize mapazi, atsinzine. Amalume anapendekeka pomwepo ngati mtengo wotemedwa, tinachita kuwawakha. Dokotalayo anatembenukira kwa akazi awo.

"Mayi, abambowa anapimidwapo chindoko?"

"Chindoko, adokotala? Pa msinkhu uwu? Awatu ali ndi adzukulu."

Mmene anayankhira mayiwo ndi mmene ambirife tikanayankhira. Chindoko, kapena kaswende monga ena amanenera kuno, timachidziwa ngati matenda a anyamata ndi atsikana, a chilonda cha kumaliseche. Sitidziwa kuti chimatha kukhala chete m'thupi zaka 10, 20, ngakhale 30, n'kudzatulukira kumutu, kumsana, m'maso kapena m'makutu mwa munthu amene anaiwala kuti anakhalapo ndi chilonda. Madokotala amachitcha neurosyphilis. Kupima magazi ake n'kosavuta, mankhwala ake ndi penisilini yemwe uja, koma chimapezeka mochedwa chifukwa kunyumba ndi kuchipatala komwe sichibwera msanga m'maganizo.

Kumene chimabisala

Kachilombo kake ndi bakiteriya wotchedwa Treponema pallidum, wopyapyala zedi, wopotana ngati sikuluwu. Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann ndi amene anayamba kukaona ku Berlin mu 1905. Kamalowa pogonana, ndipo patapita pafupifupi milungu 3, pamene kanalowerapo pamatuluka chilonda cholimba m'mbali, chosawawa. Kusawawako ndiye tsoka lake. Kwa amayi chimatha kukhala m'kati osachiona n'komwe. Pakatha milungu 3 mpaka 6 chimapola chokha, ndipo ngati munthu anathirapo mankhwala a zitsamba kapena anagula makapisozi angapo pa kantemba, amayamika zimenezo. Kenaka pamabwera zidzolo, kawirikawiri zosayabwa, zofika mpaka m'zikhatho ndi kumapazi. Nazo zimazimiririka zokha, thupi n'kukhala zii.

Tizilomboti sitidikira zaka kuti tifike ku ubongo. Timafikako m'milungu yoyambirira yomweyo, kudzera m'magazi. Kwa anthu ambiri chitetezo cha thupi chimatisesako. Kwa ena timatsalira, n'kumayambitsa kutupa kwapang'onopang'ono m'nembanemba yokuta ubongo, m'mitsempha ya magazi, ndi m'minyewa yeniyeniyo, ngati chiswe chodya phaso m'kati pamene udzu wa padenga ukuoneka wabwinobwino.

Ndi angati amene zimawafikira? Ku Oslo, m'dziko la Norway, pakati pa 1891 ndi 1910, odwala chindoko pafupifupi 2,000 sanapatsidwe mankhwala a nthawiyo, chifukwa dokotala wawo ankaona kuti mankhwalawo, a mercury, ankapweteka anthu kuposa matendawo. Atawalondola patapita zaka zambiri, anapeza kuti ambiri sichinawavutitsenso, koma pafupifupi mmodzi mwa atatu chinadzamutulukira: ena pakhungu ndi m'mafupa, ena kumtima, ndipo pafupifupi 7 mwa 100 m'minyewa. Asanu ndi awiri angaoneke ochepa. Koma kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2016 anapeza kuti m'Zambia muno anthu 3 mwa 100 a zaka 15 mpaka 59 anali ndi chindoko chamoyo m'magazi, ndipo mwa amene ali ndi HIV anali pafupifupi mmodzi mwa 10. Ambiri mwa iwo sadziwa. Amayi amapimidwa akapita ku sikelo ya apakati, koma mwamuna amatha kufika zaka 50 osapimidwapo ndi kamodzi komwe.

Nkhope zake

M'chaka choyamba kapena chachiwiri, chindoko chimatha kutupitsa nembanemba ya ubongo. Munthu amamva mutu wosatha, khosi limauma, nthawi zina nkhope imakokekera mbali imodzi, diso limayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena khutu limagontha. Kwa munthu wa HIV izi zimafanana ndi TB ya ku ubongo kapena matenda a cryptococcus, amene nawonso amatupitsa nembanembayo, ndipo nthawi zina zimakhala pamodzi.

Patapita zaka 5 mpaka 10 chilowereni m'thupi ndi pamene chimakonda kugwira mitsempha ya magazi ya mu ubongo. Khoma la mtsempha limatupa, njira imachepa, tsiku lina n'kutsekeka. Zotsatira zake ndi sitiroko yeniyeni: dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zafa, pakamwa papotoka, mawu akukanika. Chosiyanitsa n'chakuti wodwalayo amatha kukhala wa zaka 30 kapena 40, wopanda BP, wopanda shuga, ndipo achibale akakumbuka bwino amati kwa milungu ingapo m'mbuyomo ankadandaula mutu ndi chizungulire, sankagona, ndipo khalidwe linali litasintha. Wachinyamata aliyense wochita sitiroko ayenera kupimidwa chindoko ndi HIV. Apa ine sindikayika.

Zimene zinagwira amalume ndi za mochedwa kwambiri, ndipo zinali ziwiri pamodzi.

Yoyamba amaitcha general paresis, imene imabwera patapita zaka 10 mpaka 25. Tizilombo timakhala m'kati mwa ubongo momwe, makamaka mbali ya kutsogolo imene imasunga ulemu, manyazi ndi kulingalira. N'chifukwa chake choyamba kuonongeka chimakhala khalidwe, kuiwala kumabwera pambuyo. Munthu wa tchalitchi amayamba kutukwana, wosunga ndalama amayamba kumwaza, waukhondo amaleka kusamba. Kudzitama ndi chuma chimene munthu alibe, monga mabasi a amalume aja, ndiko kumatchuka m'mabuku, koma odwala ambiri sachita zimenezo. Amangozizira, kuiwalaiwala, kukhala duu pakhonde, banja n'kumati ndi ukalamba wofulumira kapena maganizo. Milomo, lilime ndi manja zimanjenjemera, kalembedwe kamasokonekera, ena amayamba kukomoka ngati a khunyu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 odwala otere ankadzaza mabedi ambiri m'zipatala za amisala ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 1913 Hideyo Noguchi, ali ku New York, anaonetsa tizilomboti mu ubongo wa anthu amene anafa nawo matendawa. Popanda mankhwala munthu amafa m'zaka zochepa. Choncho wamkulu akasintha mutu koyamba m'moyo wake ali ndi zaka 40 kapena 50, musanaganize zokwera basi ya ku Chainama, chipatala cha amisala cha ku Lusaka, pemphani magazi apimidwe.

Yachiwiri ndi tabes dorsalis, imene imachedwa kuposa zonse, zaka 15, 25 kapena kupitirira. Iyi ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa zizindikiro zake zimaoneka ngati zosagwirizana. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wa minyewa. Mbali yake ya kumbuyo ndi njira imene mapazi amauzira ubongo kuti tili apa, taponda chakuti, bondo lapindika motere. Inu mukamayenda mumdima simuyang'ana mapazi chifukwa uthengawo ukufika. Njirayo ikafota, miyendo imakhalabe ndi mphamvu koma mwini wake sadziwa pamene ili. Maso ndiye amalowa m'malo. Munthu amayenda atatangadza, akuyang'ana pansi, akumenyetsa chidendene kuti amveko kuti waponda. Mukamuchotsera maso, kaya ndi mdima, kaya watsinzina posamba kumaso, amagwa. Kuimika wodwala n'kumutsinzinitsa kuja ndi mayeso a Romberg, a dokotala wa ku Berlin wa zaka za m'ma 1800, ndipo safuna makina.

Pamwamba pa zimenezo pali ululu umene odwala amaufotokoza mofanana: ngati mphezi kapena mpeni wolasa m'mwendo kamphindi n'kuleka, n'kudzalasanso pena. Ena umawagwira m'mimba, kupotokola ndi kusanza masiku angapo, mpaka kale ena ankachitidwa opareshoni ya m'mimba osapezamo kanthu. Chikhodzodzo chimadzaza munthu osamva, mkodzo n'kumangodontha. Mphamvu za m'nyumba zimatha. Kuphazi kumabooka chilonda chozama chosawawa, chofanana ndi cha khate kapena cha shuga. Bondo kapena kakolo zimatha kutupa n'kuphwanyika m'kati mpaka kupindika, munthu akuyendabe nazo osamva ululu, zimene Jean-Martin Charcot anazifotokoza ku Paris mu 1868.

Nanga katochi kaja? Mwanadiso wa munthu wabwino amachepa akaunikidwa, amachepanso munthu akayang'ana chinthu chapafupi. Wa amalume anali waung'ono kale, wosazungulira bwino, wosasuntha ndi kuwala, koma ankachepa akayang'ana chala pafupi ndi mphuno. Douglas Argyll Robertson, dokotala wa maso wa ku Edinburgh, anafotokoza zimenezi mu 1869, ndipo mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lake. Pazokha si umboni wokwanira, poti shuga naye amatha kuchititsa zofananako, koma dokotala akaziona amadziwa chopima.

Maso ndi makutu sizidikira zaka. Nthawi ina iliyonse chindoko chingatupitse m'kati mwa diso, munthu n'kuyamba kuona mwa chifunga, kuona tizinthu toyandama, kapena kufiira diso ndi kuopa kuwala. Chingagonthetse khutu mwadzidzidzi, ndi kulira kwa m'khutu ndi chizungulire. Izi n'zothamangira nazo, chifukwa masiku ochepa amasiyanitsa kuona ndi khungu.

Ndiye pali zina zosowa zimene zimasokoneza ngakhale akatswiri. Chindoko chimatha kuumba chotupa mu ubongo, chotchedwa gumma, chimene pa sikani chimaoneka ngati khansa kapena chotupa cha TB, koma chimasungunuka ndi penisilini. Chimatha kugwira mbali ya ubongo ya chakukhutu, munthu n'kuyamba kukomoka ndi kusokonezeka m'masiku ochepa ngati wadwala herpes ya mu ubongo. Chimatha kuumitsa miyendo yonse iwiri ngati TB ya msana, kapena kufotetsa minofu ya manja pang'onopang'ono. Si kuti zonsezi zikaoneka ndiye chindoko. Kawirikawiri chimakhala china: shuga, mowa, HIV, TB, kuchepa kwa vitamini B12. Mfundo ndi yakuti pa matenda onse ofanana nawowa, chindoko n'chimodzi mwa zotchipa kupima ndiponso zochizika.

Magazi amanena chiyani

Mayeso a magazi alipo a mitundu iwiri, ndipo kusamvetsa kusiyana kwake kwasokeretsa ambiri.

Mtundu woyamba ndi umene umafufuza asilikali a m'thupi olimbana ndi kachilombo ka chindoko kenikeniko. Umu muli TPHA ya ku labu komanso kapulasitiki kodontheza magazi a chala kamene amapimira ku sikelo, kena kopima HIV ndi chindoko nthawi imodzi. Mayesowa amayankha funso lakuti, kodi munthuyu anakumanapo ndi chindoko? Akaonetsa kuti inde, kwa anthu ambiri amaonetsabe choncho moyo wonse, ngakhale atachira.

Wachiwiri ndi RPR kapena VDRL, umene umaonetsa ngati moto ukuyakabe. Ku labu amasungunula magazi mobwerezabwereza mpaka chizindikiro chitaleka kuoneka, n'kulemba 1:4, 1:8, 1:32, motero. Nambala ikakula ndiye kuti matenda ali ndi mphamvu, ndipo munthu akachira imatsika. Koma RPR ili ndi misampha itatu. Imatha kuonetsa chindoko pamene palibe, chifukwa cha malungo, pakati, TB kapena matenda ena. Imatha kusaonetsa kanthu pa chindoko chakalekale, ndipo izi zimachitika kwa odwala tabes angapo ndithu. Imathanso kusaonetsa kanthu chifukwa asilikali achulukitsitsa m'magazi, mpaka magaziwo atasungunulidwa kaye. N'chifukwa chake mawu akuti "RPR ili bwino" satseka nkhani kwa munthu amene zizindikiro zake zikuloza ku minyewa. Pamafunika mitundu yonse iwiri. Mayeso a mtundu woyamba aja akakana, pamenepo ndiye chindoko chochedwa chimakhala chokayikitsa kwambiri.

Magazi sangauze dokotala ngati tizilombo tili ku ubongo. Amene anganene ndi madzi a pamsana, omwe amazungulira ubongo ndi mtsempha wa msana, ndipo apa ndi pamene banja lathu linaima masiku awiri. Agogo aakazi anandigwira dzanja panja pa wodi.

"Madzi a pamsana ayi, mdzukulu wanga. Mwana wa uje anamutenga madzi madzulo, m'mawa tinalira maliro."

Mantha amenewa ali ponseponse, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, ndipo sindiwaseka, chifukwa agogowo maliro aja anawaonadi. Koma taganizani amene amatengedwa madzi ndi ndani. Ndi odwala kale kwambiri ku ubongo, ndipo nthawi zambiri achibale amakana mpaka wodwala atatsala madzi amodzi, n'kudzavomera tsiku lomaliza. Akamwalira, mlandu umagwera singano, pamene chamupha ndi matenda amene singanoyo ikanawaulula msanga. Zimene zimachitika ndi izi: wodwala amagona cham'mbali atapinda mawondo, dokotala amalowetsa singano yopyapyala m'munsi mwa msana, pansi pa pamene mtsempha waukulu uja umathera, n'kudontheza madzi osakwana supuni ziwiri kapena zitatu. Thupi limapanga pafupifupi theka la lita la madzi amenewa tsiku lililonse, ndiye otengedwawo amabwerera pa maola ochepa. Ena mutu umawapweteka masiku angapo pambuyo pake. Ngati dokotala akukayikira chotupa mu ubongo, amayamba wapempha sikani asanalase.

M'madzimo amawerenga maselo oyera. Akaposa 5 pa kadontho koyezera ndiye kuti pali kutupa, koma kwa munthu wa HIV ambiri amayambira pa 20, poti HIV payokha imawachulukitsako. Amaona ngati mapuloteni akwera. Amapimanso VDRL ya m'madzi momwemo. Ikaonetsa, nkhani yatha, ndi neurosyphilis. Ikapanda kuonetsa sizitanthauza kuti mulibe, chifukwa imaphonya odwala ambiri, nthawi zina mpaka theka. Si labu iliyonse ili ndi zopimira zonsezi, ndiye dokotala amalumikiza zitatu: zimene waona pa wodwala, zimene magazi anena, ndi zimene madzi aonetsa. Madzi omwewo amapimidwanso TB ndi cryptococcus. Kwa amene ali ndi HIV, chiopsezo cha neurosyphilis chimakwera ngati RPR yafika 1:32 kapena CD4, nambala yoonetsa mphamvu ya chitetezo cha thupi, yatsikira pa 350. Ndipo ngati magazi aonetsa chindoko ndipo dokotala wa maso wachiona m'diso, kapena khutu lagontha popanda chifukwa china, wodwala amachizidwa ngati wa neurosyphilis ngakhale madzi a pamsana atakhala oyera.

Chifukwa chake nyeleti ya patako siikwana

Magazi a amalume ataonetsa 1:32, akazi awo anakumbuka kuti zaka zingapo m'mbuyomo, pa kiliniki ina, amalumewo anawapezapo "magazi oipa" n'kuwalasa nyeleti imodzi patako. Anauzidwa kuti adzabwerenso kawiri, koma atapita mlungu wotsatira mankhwala kunalibe, ndipo palibe anawalondola. Iwo anangoti achira.

Nyeleti imeneyo ndi benzathine penicillin, mayunitsi 2.4 miliyoni, ndipo ndi mankhwala abwino kwambiri pa ntchito yake. Chindoko chatsopano imodzi imakwana. Chakale, kapena chosadziwika kuti chinalowa liti, zimafunika zitatu, imodzi mlungu uliwonse. Imagwira ntchito posungunuka pang'onopang'ono m'mnofu, n'kumadontheza penisilini wochepa m'magazi kwa milungu ingapo. Vuto ndi lakuti ubongo uli ndi mpanda wake umene suloleza zinthu za m'magazi kungolowa. Penisilini wochepa uja wodutsa mpandawo sakwana kupha tizilombo takhazikika kumeneko. Kuti alowe wokwanira, m'magazi ayenera kusefukira.

Pali chinanso. Penisilini amapha bakiteriya pamene akugawikana, ndipo wa chindoko ndi waulesi: amagawikana kamodzi pa maola pafupifupi 30, pamene ena amatenga mphindi 20. Ndiye mankhwala ayenera kukhalamo osadukiza kwa masiku ambiri kuti aliyense amupeze pa nthawi yake. Apa ndi pamene pachokera malamulo a chithandizo: penisilini wa mumtsempha, amene m'mawodi amamutcha X-pen, mayunitsi 3 mpaka 4 miliyoni pa maola 4 aliwonse, usana ndi usiku, kwa masiku 10 mpaka 14. Patsiku ndi mayunitsi 18 mpaka 24 miliyoni. Pa masiku 14 ndi maulendo 84. Izi sizitheka pa kiliniki ya kumudzi. Zimafuna kugonekedwa pa chipatala chachikulu, monga Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami, ndipo zovuta kwambiri zimatha kutumizidwa ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, kumene maphunziro a madokotala a minyewa anayamba mu 2018.

Njira zina zilipo. Ceftriaxone, magalamu 1 kapena 2 kamodzi patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, amalowa bwino ku ubongo ndipo madokotala amamugwiritsa ntchito penisilini akavuta. Pali procaine penicillin wolasa tsiku lililonse pamodzi ndi mapilitsi a probenecid kanayi patsiku, amene amachedwetsa impso kutaya penisiliniyo. Amene penisilini amamuwenga angathe kuzoloweretsedwa pang'onopang'ono m'chipatala, ndipo kwa mayi wapakati penisilini ndiye wodalirika kuteteza mwana. Ena akamaliza za mumtsempha amawonjezeredwa nyeleti ya benzathine. Makapisozi ogula okha alibe malo pano. Azithromycin tizilombo tambiri tinamuzolowera kale, pamene penisilini, kuyambira pamene John Mahoney anachiza naye odwala chindoko oyamba mu 1943, akugwirabe mpaka lero.

Ndikaganiza za penisiliniyu ndimakumbuka zimene zinalipo iye asanabwere. Mu 1917 Julius Wagner-Jauregg wa ku Vienna anayamba kupatsa dala malungo odwala general paresis, kuti kutentha kwa thupi kufooketse tizilombo, kenaka n'kuchiza malungowo ndi kwinini. Ena ankapezako bwino, ena ankafa ndi malungowo, ndipo mu 1927 analandira mphotho ya Nobel. Ife amene taika ana m'manda chifukwa cha malungo tingamvetse kuopsa kwa matenda amene madokotala anaona kuti bola malungo.

Wodwazika ali ndi ntchito yaikulu pa masiku 14 amenewa. Mankhwala a 2 koloko usiku ndi ofunika mofanana ndi a masana, ndipo nesi mmodzi amakhala ndi wodi yonse. Mlongo wanga ankatchera alamu pafoni, n'kupita mwaulemu: "Asisita, pepani, nthawi ya mankhwala a abambo a pa bedi la pakona yakwana." Kanula, kapaipi kolowetsera mankhwala mumtsempha, ikatsekeka kapena dzanja likatupa, nenani msanga. Wodwala wosokonezeka amaizula, ndiye pamafunika maso. Yesero lalikulu limabwera tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, wodwala akayamba kupezako bwino, ndalama ya chakudya yatha, kumunda udzu wakula. Kutuluka pamenepo n'kusiya tizilombo tatsala kuti tiyambirenso.

Dziwaninso kuti m'maola 24 oyamba wodwala amatha kutentha thupi, kunjenjemera, kupweteka mutu, ngakhale kusokonezeka kuposa kale. Zimachitika chifukwa tizilombo tambiri tikufa nthawi imodzi, ndipo amazitcha Jarisch-Herxheimer. Si kuwengedwa ndi mankhwala, si umboni wakuti matendawa ndi achikuda osafuna nyeleti. Zimatha pa tsiku limodzi, ndipo mankhwala sasiyidwa.

Zobwerera ndi zosabwerera

Penisilini amapha tizilombo, koma sadzutsa minyewa yakufa. Wa kutupa kwa nembanemba, wa diso kapena wa gumma akapezeka msanga amatha kuchira bwino lomwe. Wa sitiroko amatetezedwa ku ina, koma dzanja lakufalo limadalira mafizo ndi nthawi. Wa general paresis matenda amaima, ena nzeru zimabwererako, makamaka amene sanachedwe, koma si ambiri amabwerera mwakale ndendende. Wa tabes kayendedwe sikasintha kwenikweni, ndipo mphezi za m'miyendo zimatha kupitirira zaka, zochepetsedwa ndi mankhwala monga carbamazepine, amitriptyline kapena gabapentin. Phazi losamva liyenera kuyang'anidwa madzulo aliwonse, lisayende lopanda nsapato, lisayandikire mbaula mu Juni. Ndikawerenga miyezi 18 imene tinayendayenda ndi amalume, mtima umandipweteka, chifukwa miyezi imeneyo ndi imene inatenga zimene sizinabwerere.

Akatuluka m'chipatala, RPR imabwerezedwa pa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse. Chofunika n'chakuti itsike kanayi, monga kuchoka pa 1:32 kufika pa 1:8. Ikakana kutsika, kapena zizindikiro zikabwerera, dokotala angatengenso madzi a pamsana n'kubwereza chithandizo. Kapulasitiki ka chala kadzaonetsabe chindoko, ndiye sungani khadi la kuchipatala kuti wina asadzaganize kuti simunachizidwe. Ndipo kuchira sikupereka chitetezo: munthu angatengenso chindoko chatsopano.

Pa siteji yochedwayi wodwala sapatsira mnzake pogonana, poti kupatsirana kumachitika makamaka m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Mbale, kapu, chimbudzi, kumusambitsa, zonsezi zilibe vuto. Koma mkazi kapena mwamuna wake ayenera kupimidwa, chifukwa mwina anatenga kalekale, ndipo mayi akapezeka nacho ana nawo ayenera kuonedwa, poti mayi amatha kupatsira mwana ali m'mimba. Palibe mayeso amene anganene kuti anachibweretsa ndani kapena chaka chiti. Chingakhale cha ukwati usanayambe.

Akazi a amalume anapezeka nacho, koma minyewa yawo inali bwino, ndiye analandira nyeleti zitatu za benzathine, mlungu ndi mlungu, osadumpha. Tsiku la yachitatu, tikutsika ku chipatala, anandiuza chapansipansi kuti mwana wawo wachiwiri anabadwa wakufa, ndipo nthawiyo akuluakulu anati ndi mdulo. Sanawonjezere mawu ena, ine sindinafunse.

Amalume za mabasi anasiya, ukali unatha, anthu amawazindikira ndi kuwatchula maina. RPR yawo inatsikira pa 1:4. Lumo sagwiranso chifukwa manja amanjenjemera, ndiye pa makina pamakhala mwana wawo wamwamuna, iwo atakhala pambali ndi tepi m'khosi, akumuuza pamene waphonya. Madzulo mdzukulu wawo amatsogola ndi tochi, kuunika pansi pamene agogo akuponda, kuchoka pakhomo mpaka kuchimbudzi.